Jamu ndi chutney wa pakhomo: kodi amapulumutsadi ndalama ku Kitwe ndi ku Ndola?

Kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka mu Januwale, munthu woyenda m'makomboni akale a migodi ku Kitwe, monga ku Wusakile, Chamboli ndi Mindolo, amachita kuponda mango. N'chimodzimodzi ku Chifubu, Kabushi ndi Lubuto mumzinda wa Ndola. Mitengo imene makolo anabzala kuseri kwa nyumba, ena a iwo ochokera ku Chipata, Katete, Dedza ndi Ntcheu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ya mkuwa, inakula mpaka kupitirira madenga, ndipo yonse imabereka nthawi imodzi. Ana amadya mpaka kutopa nawo. Amayi amadzaza mabeseni kupita nawo ku msika wa Chisokone kapena wa Masala, koma kumeneko amakapeza aliyense ali ndi mulu wake, mtengo uli pansi. Otsala amakathera kudzala. Ikafika Juni, banja lomwelo limamwera tiyi buledi wopanda chopaka, poti jamu wa m'sitolo sakugulika.

N'chifukwa chake chaka ndi chaka anthu amafunsa kuti, bwanji osangosunga zipatsozi m'mabotolo? Amene amalimbikitsa zimenezi amakonda kunena kuti n'zosavuta ndiponso n'zotchipa. Ine ndikuona kuti amanena mbali imodzi yokha. Zipatso n'zotchipadi, nthawi zina zaulere. Ndalama imapita pa shuga, pa moto ndi pa botolo, ndipo zinthu zitatuzi, pamodzi ndi viniga, ndi zimene munthu woperewera m'thumba amafuna kuumira. Tsoka lake n'lakuti ndi zomwezonso zimene zimasunga chakudyacho. Ukaumira molakwika, mu Febuluwale umatsegula botolo n'kupeza chuku pamwamba, shuga yense ndi makala onse zapita pachabe.

Kuti tidziwe pamene tingaumire ndi pamene sitiyenera kuumira, tiyambe ndi chimene chimaononga chipatso. Pa khungu lake, mumpweya ndi m'manja mwathu muli tizilombo tosaoneka ndi maso: chuku, yisiti ndi mabakiteriya. Tonseti timafuna madzi kuti tichulukane, ndipo tambiri sitipirira asidi. Shuga akachuluka amagwira madzi a m'chipatso moti tizilombo timasowa pomwa. M'jamu wophikidwa bwino, pa magalamu 100 alionse, pafupifupi 65 amakhala shuga. Asidi, kaya wa mandimu kapena wa viniga, amatsekereza mabakiteriya oopsa kwambiri. Moto umapha tizilombo timene tilipo kale, ndipo chivindikiro chogwira bwino chimaletsa tatsopano kulowa. Njira yowiritsa chakudya m'botolo lotseka anaifalitsa ndi Nicolas Appert wa ku France m'chaka cha 1810, ndipo mfundo yake sinasinthe mpaka lero. Jamu amadalira kwambiri shuga. Chutney amagawa ntchitoyo pakati pa viniga, shuga ndi mchere. Kusiyana kumeneku ndiko kumasiyanitsanso mtengo wake.

Tiwerengere limodzi. Kilogalamu imodzi ya zipatso zosenda kale imafuna shuga wa pakati pa magalamu 800 ndi kilogalamu imodzi, ndipo mukamaliza kuphika mumapeza jamu wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, amene ndi mabotolo atatu kapena anayi a msinkhu wa jamu wa m'sitolo. Ndiye kuti m'botolo lililonse la magalamu 450 muli shuga wotsala pang'ono kukwana magalamu 300. Shuga wambiri wa ku Zambia amachokera ku Nakambala, ku Mazabuka, mtunda wa makilomita oposa 400 kuchokera ku Ndola, ndipo akamafika pa kantemba ka m'komboni n'kugawidwa m'timapamela, mtengo wake pa kilogalamu umakhala utakwera kuposa wa paketi yaikulu. Fakitale imagula shuga wochuluka nthawi imodzi. Choncho ngati mukugula zipatso, n'kugulanso shuga wa m'timapamela ndi makala a m'pulasitiki, jamu wanu sangatsike mtengo kwenikweni poyerekeza ndi wa m'sitolo. Adzakoma kuposa uja, inde, ndipo mudzadziwa chimene chili mkatimo, koma nkhani ya kupulumutsa ndalama imayamba kumveka pokhapokha mtengo wa zipatso uli pakhomo panu kapena pa neba.

Ena amati, nanga tikachepetsa shuga? N'zotheka, koma chimene mwapangacho chiyenera kukhala m'firiji ndi kudyedwa pasanathe milungu iwiri kapena itatu. Apa anthu a ku Kopala, chigawo cha migodi chimene muli Kitwe ndi Ndola, safuna kukumbutsidwa. M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku, madera ena mpaka oposa 20, ndipo mafiriji anasanduka makabati. Phindu lonse la botolo lophikidwa bwino n'lakuti silifunsa magetsi. Ukachotsa shuga wachotsa phindu limenelo.

Pa chifukwa chimenechi, ine ndimati banja loyamba kumene liyambe ndi chutney. Chakudyachi chinachokera ku India. Kuno chinafika m'njira ziwiri: kudzera m'mabanja a amalonda a chimwenye amene akhala ku Ndola kwa zaka zambiri, ndi kudzera m'zakudya za ku South Africa, monga Mrs Ball's wa mapichesi ndi maapurikoti, amene anadzaza mashelefu Shoprite italowa m'Zambia mu 1995. Anthu ochokera ku Malawi amadziwanso achar wa mango wa kampani ya Nali. Koma palibe chifukwa chakuti banja la ku Chamboli ligule mapichesi a ku Cape pamene mango akugwa padenga usiku wonse.

Ubwino woyamba wa chutney ndi wakuti amafuna mango osapsa, olimba, owawasa. Amenewa ndi aja mphepo ya mvula zoyamba imayoyola, amene palibe wogula. Asidi wawo ndi wambiri, ulusi wawo sunakhwime, ndipo ntchentche zoboola zipatso zimakhala zisanawaikire mphutsi ngati mmene zimachitira ndi akupsa. Pa makilogalamu awiri a mango oterowo pamafunika anyezi wokwana magalamu 400, viniga wokwana mamililita 750, shuga wokwana magalamu 800, supuni imodzi yaikulu ya mchere, adyo, jinja ndi tsabola monga mmene pakamwa panu pakufunira. Zimenezi zimatulutsa pafupifupi malita awiri ndi theka. Yerekezani ndi jamu uja: shuga yemweyo amene anakupatsani mabotolo atatu kapena anayi, pano akupatsani asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Viniga wake akhale woyera wamba, wotchipa uja, bola pabotolo palembedwe kuti asidi wake ndi 5 peresenti. Ameneyu musamuthire madzi ndipo musamuchepetse. Tsabola, jinja, ngakhale shuga pang'ono mutha kusintha, viniga ayi.

Kaphikidwe kake sikafuna sukulu, koma kamafuna maso. Mango osapsa ali ndi utomoni umene umawaula khungu la anthu ena, choncho atsukeni kaye bwinobwino, ndipo ngati manja anu sachedwa kuyabwa, valani timapepala tapulasitiki posenda. Dulani tizidutswa tofanana, ngati nsonga ya chala chachikulu. Wiritsani viniga, shuga ndi mchere mpaka shuga yense atasungunuka, kenaka thirani zina zonse. Poyamba mumphikamo mumaoneka madzi okhaokha, ndipo fungo la viniga limaluma m'mphuno moti ana amathawa m'khitchini. Pakatha theka la ola, mtundu umayamba kuderako, thovu lake limachepa, ndipo kuwira kwake kumasintha mawu, kuchoka pa kubwata kwa madzi n'kuyamba kuphulika pang'onopang'ono ngati phala lokhuthala. Apa ndi pamene simuyenera kuchokapo, chifukwa shuga sachedwa kupserera pansi. Kuti mudziwe kuti wapsa, kokani mthiko pansi pa poto: ukasiya kanjira kooneka, madzi osathamangira kudzatsekamo, phulani. Akalowa m'botolo musamutsegule msanga. Chutney wa tsiku lomwelo amakhala waukali. Akakhala mwezi umodzi viniga amafatsa ndipo zokometsera zonse zimalowerera.

Ubwino wachiwiri ndi umene mabuku a kunja satchula, poti analembera anthu odya buledi ndi tchizi. Jamu amafuna buledi, ndipo buledi ndi ndalama ina. Chutney amapita pa nsima. Supuni imodzi pambali pa nyemba, kapenta kapena masamba ofutsa imadzutsa ndiwo zimene zikanakhala zozizira, makamaka m'miyezi ya mvula pamene tomato amakwera mtengo pamsika. Botolo limodzi limatha milungu ingapo. Tomato yemweyo akatsika mtengo m'chilimwe, naye amapanga chutney wabwino, ngakhale wosapsa.

Sindikunena kuti jamu tim'taye. Ndikunena kuti tisankhe chipatso choyenera. Jamu amagwirana chifukwa cha pectin, chinthu chimene chimapezeka m'makoko, m'njere ndi m'mnofu wa zipatso zina, ndipo chimagwira ntchito chikakumana ndi shuga ndi asidi pa mlingo woyenera. Magwafa ali ndi pectin wambiri. Amapsa chakumapeto kwa mvula, ali mbwee m'mipanda ya Kitwe ndi Ndola, ndipo safuna kugulira chilichonse cha m'paketi: mumawawiritsa ndi madzi pang'ono, n'kuwasefa kuchotsa njere, n'kuthira shuga ndi madzi a mandimu. Pa zipatso zonse za pakhomo, gwafa ndiye amabweza bwino ndalama ya shuga. Mandimu ndi malalanje a m'nyengo yozizira nawo amapanga jamu wa makoko, wotchedwa marmalade, wochuluka kuchokera ku zipatso zochepa, chifukwa makoko ake amaphikidwa m'madzi ambiri. Mango akupsa, mapapaya ndi zinanazi zochokera ku Mwinilunga ndi Ikelenge zili ndi pectin wochepa. Mango akupsa ndi mapapaya alinso ndi asidi wochepa, choncho pa kilogalamu iliyonse pamafunika madzi a mandimu awiri akuluakulu. Njere za mandimuwo ndi khungu lake loyera lamkati musataye: mangani m'kansalu koyera, ponyani mumphika, mudzachotse pomaliza. Ameneyo ndiye pectin waulere. Kusakaniza mango akupsa ndi ochepa osapsa kumathandizanso.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu ambiri a ku Kopala otsatira mabuku kapena makanema a pa intaneti. Kitwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, Ndola pafupifupi 1,300. Pamalo okwera chotero madzi sawira pa madigiri 100. Amawira pa 96 kapena pafupi ndi pamenepo. Buku la ku London likamati jamu amapsa pa madigiri 105, kuno amakhala atapsa pa 100. Wodikira 105 amatentha makala pachabe, ndipo amaphula chinthu chakuda, cholimba, chosapakika. Mwayi wake n'ngwakuti choyezera kutentha sichofunika. Ikani mbale yachitsulo pamadzi ozizira, donthezanipo jamu pang'ono, dikirani mphindi ziwiri, kenaka kankhani ndi chala. Akachita makwinya, wapsa. Koma kukwera kwa malo komweku kumatanthauzanso kuti madzi owira a kuno sapha tizilombo msanga ngati a m'mphepete mwa nyanja. Malangizo a unduna wa zaulimi wa ku America, amene ambiri amatsatira pa nkhaniyi, amaonjezera nthawi pamalo okwera ngati athu: botolo la chutney limene kwina limawira mphindi 10, kuno liwire 15, ndipo la jamu liwire mphindi 10.

Moto nawo ndi ndalama. Thumba la makala ochokera ku Masaiti, Mpongwe kapena Lufwanyama limakwera mtengo mvula ikayamba, nthawi yomweyo imene mango apsa. Poto wotakasuka kukamwa amaumitsa madzi msanga kuposa wakuya, ndipo kuphika makilogalamu awiri pa nthawi kumafulumira kuposa kudzaza chimphika chimene chidzawira maola atatu n'kupserera pansi. Poto asapitirire theka, chifukwa jamu akamawira amakwera. Mbaula ikayaka, igwire ntchito zonse motsatizana: kuwiritsa mabotolo, kuphika, kuwiritsanso mabotolo odzaza. Pa za poto weniweniyo, wabwino ndi wachitsulo chosachita dzimbiri kapena wa enamelo wosasupuka. Wa aluminiyamu amadyedwa ndi asidi n'kusintha kakomedwe, ndipo miphika youmbidwa kuchokera ku zitsulo zakale zosungunula ikhoza kukhala ndi mtovu, umene asidi amausungunulira m'chakudya. Wamkuwa, umene ku France amaukonda pophika jamu, sugwirizana konse ndi viniga.

Botolo ndilo limagwetsa ambiri. Mabotolo a mayonesi, a chiponde ndi a jamu wakale ndi abwino, bola akhale agalasi ndipo kukamwa kwake kusakhale kobenthuka. Vuto ndi chivindikiro. Akatswiri amalangiza kugwiritsa ntchito chatsopano nthawi iliyonse, chifukwa kamphira kamkati kamaphwa kakagwira ntchito kamodzi. Pamene chatsopano sichikupezeka, yang'anani chakalecho pakuwala: chikakhala ndi dzimbiri, chopindika, kapena kamphira kake kokandika, chitayeni, makamaka pa chutney, poti viniga amadya chitsulo. Zivindikiro zapulasitiki za mabotolo a khofi sizitseka mpweya. Zoikidwa m'menemo zidyedwe msanga. Mabotolo opanda kanthu awire mphindi 15, ndipo muwadzaze akadali otentha, kusiya mpata wa sentimita imodzi pamwamba. Pukutani kukamwa ndi kansalu koyera, tsekani, yalani thaulo pansi pa mphika kuti galasi lisagunde chitsulo, ndipo madzi amize mabotolowo ndi masentimita atatu. M'mawa mwake dinikizani pakati pa chivindikiro chilichonse. Chikakhala cholowa mkati, chosalira, chagwira. Chikamati thapu thapu, botolo limenelo ndi la sabata ino. Lembani tsiku pa lililonse, ndipo sungani pamdima, pozizira bwino. Lotsekeka bwino limatha chaka.

Apa ndiyenera kunena mawu olemera. Njira yowiritsa m'madziyi ndi ya zakudya za asidi wambiri zokha. Pali bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, amene mbewu zake sizifa ndi madzi owira, ndipo amakula bwino m'botolo lotseka lopanda mpweya ngati asidi ndi wochepa, ndiko kuti pH yopitirira 4.6. Poizoni wake amafoola thupi ndipo amapha, nthawi zambiri popanda fungo kapena maonekedwe ochenjeza. Choncho bowa wa m'nyengo ya mvula, nyemba, maungu, nyama ndi nsomba musaziike m'mabotolo mwa njira imeneyi, ngakhale mnzanu atanena kuti iye amatero ndipo sanadwalepo. Zimenezo ziumitseni, monga makolo ankachitira ndi mfutso. Achar wa m'mafuta nayenso amasungika chifukwa cha mchere ndi asidi. Mafuta paokha sasunga kanthu, ndipo adyo womizidwa m'mafuta popanda viniga ndi woopsa. Botolo lililonse lotupa chivindikiro, lotuluka thovu potsegula kapena lochita chuku litayidwe lonse. Kuchotsa chuku cha pamwamba n'kudya zapansi si kusamala ndalama. Mizu yake imakhala italowa kale.

Zipatso za m'tchire zili ndi nkhani yake. Masuku amadzaza m'mbali mwa misewu chakumapeto kwa chaka, ndipo ofufuza a bungwe la ICRAF ku Makoka, ku Zomba, anagwirapo ntchito yobzala mitengo yake ndi kuphunzitsa anthu kupanga jamu ndi juwisi. Amatheka, koma mnofu wake ndi wochepa, njere zazikulu, ndipo sachedwa kuda. Ntchito yake ndi yambiri kuposa chimene mupeze. Malambe, masawu ndi bwemba amafika kuno ali ouma kale kuchokera m'zigwa zotentha, ndipo safuna shuga kuti asungike. Ufa wa malambe uli ndi asidi ndi pectin wambiri, moti masupuni angapo amathandiza jamu wa mango kugwirana. Bwemba amakometsa chutney kwambiri, koma abwere moonjezera pa viniga, osati m'malo mwake, chifukwa asidi wake simungamuyeze pakhomo.

Wina angafunse kuti, bwanji osangoyanika mangowo, poti dzuwa n'laulere? Akunena zoona, ndipo ku madera otentha imeneyo ndiyo njira yotchipa kuposa zonse. Koma ku Kopala kumagwa mvula yoposa mamilimita 1,200 pa chaka, yambiri mwa iyo m'miyezi yomweyo ya mango. Zidutswa zoyanikidwa pa lata mu Disembala zimachita chuku zisanaume. Pamafunika choumitsira chotchinga ndi pulasitiki kapena galasi, cholowa mphepo, ndipo chimenecho n'chinthu choyenera kugula kapena kupanga ngati gulu.

Kunena za gulu, nzeru imeneyi si yachilendo kuno. Ku Mindolo Ecumenical Foundation, imene inakhazikitsidwa ku Kitwe mu 1958, amayi ankaphunzira kuphika, kusoka ndi kusamalira banja, ndipo makampani a migodi anali ndi malo awo ophunzitsira akazi a ogwira ntchito. Zambiri mwa zimenezo zinazilala pamene migodi ya kampani ya boma ya ZCCM inagulitsidwa, ntchito imene inatha m'chaka cha 2000. Chimene chatsala ndi magulu a amayi a kumpingo ndi a chilimba, ndipo amenewa ndiwo angathe kugula shuga wa thumba lalikulu, viniga wa malita asanu ndi zivindikiro zatsopano n'kugawana. Mabanja anayi ophikira pa mbaula imodzi amatsitsa mtengo wa botolo kuposa mmene aliyense akanachitira payekha.

Ambiri akangopanga mabotolo khumi okoma amayamba kulota za bizinesi. Malotowo si oipa, koma kugulitsa chakudya kwa anthu kuli ndi malamulo: lamulo la chitetezo cha zakudya la 2019, chilolezo cha khonsolo ya mzinda, kuyezetsa kuchipatala kwa ogwira chakudya, chizindikiro cha pabotolo chonena zimene zili mkati ndi tsiku lothera ntchito, ndi miyezo ya Zambia Bureau of Standards. Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo sizilipidwa ndi mabotolo khumi. Chaka choyamba chikhale cha pakhomo. Mukaona kuti zimene munatseka mu Disembala zafika Ogasiti zili bwinobwino, pamenepo muli ndi chonena kwa ogula.

Yankho la funso lathu ndi ili. Ngati zipatso ndi zanu, chutney wa mango osapsa ndi jamu wa magwafa amapulumutsa ndalama ndithu. Ngati zonse mukugula pang'onopang'ono pa kantemba, jamu wa mango sakupulumutsirani kanthu, ndipo kuli bwino ana adye mangowo ali aawisi, mavitamini ake asanaphwe ndi moto. Inu amene muli ndi mtengo kuseri kwa nyumba, musadikire Disembala, mwezi umene ndalama imapita ku Khirisimasi ndi ku zofunika za sukulu. Yambani kutolera mabotolo ndi kugula shuga ndi viniga kuyambira Seputembala, ndipo mphika wanu woyamba ukhale wa makilogalamu awiri okha.